Wickson, Munthu Wachikhumi

A Wickson Namakhwa anali munthu wa ku Phalombe, wamtali, wouma ngati nsungwi, wa imvi m'mbali mwa makutu. Ndinagwira nawo ntchito ya ulonda pageti la kompaundi ina ku Al Waab, kuno ku Doha, ndipo tinkagona chipinda chimodzi kuseri kwa getilo. Ine ndine Sudi, wa ku Ntaja, Msilamu chibadwire. Iwo anali Myuda. Ndikatero anzanga amaseka, amati Myuda wa ku Phalombe ngotani, ndipo ndimangowasiya chifukwa nanenso ndinayamba ndi kuseka komweko.

Chiyudacho sanabadwe nacho. Anakulira mu mpingo wa Sabata, ndipo ali mnyamata anatsikira ku Joni, komwe anapeza ntchito yoyendetsa bambo wina wokalamba wachiyuda. M'mawa uliwonse ankakamutula pakhomo la sunagoge, iwo n'kutsala m'galimoto, kumamvera kuimba kotulukira pazenera. Mafunso anawachulukira. Aphunzitsi a kumeneko anawabweza kangapo, pakuti Ayuda sathamangira munthu kuti alowe chipembedzo chawo, amayamba amukaniza kuti aone mtima wake. Koma a Wickson anali ndi khama la chiswe. Anaphunzira zaka zambiri, mpaka zilembo zawo zija zoyambira kumanja ngati za Chiarabu, ndipo pamapeto pake anawamiza m'madzi nawapatsa dzina loti Eliezere. Sipanapite nthawi bwana uja anamwalira, mapepala okhalira ku Joni anatha, ndipo iwo anabwerera ku Phalombe. Abale awo anawalandira monga timalandirira munthu amene mutu wake sukuyenda bwino, mwaulemu koma moyang'ana kumbali.

Ku Doha anabwera ngati dalaivala wa basi yonyamula antchito a m'hotelo. Apa mpamene panagona vuto. Sabata la Ayuda limayamba Lachisanu dzuwa likamalowa, n'kutha Loweruka nyenyezi zikatuluka, ndipo pakati ponsepo munthu sayendetsa galimoto, sayatsa moto, ngakhale foni saigwira. Basi sidziwa zimenezo. Masiku amenewo sukanatha kusiya ntchito popanda chilolezo cha bwana wako, choncho Loweruka lililonse a Wickson ankakhala pachiwongolero mtima ukuwawa. Lamulo litasintha kumapeto kwa 2020, kuti munthu atha kusamukira kwa bwana wina, anzawo anathamangira ntchito za malipiro abwino. Iwo anasiya basi ya mphepo yozizira n'kudzapempha ntchito yoima padzuwa. Ndinawatenga ngati munthu wozerezeka.

Sabata yoyamba yomwe anandiitanira pambali.

"Mphwanga, ma-off athu tizisinthana. Iwe Friday uzikaswali, ine ndigwira mpaka madzulo. Saturday ugwire ndiwe. Khalas, nkhani yatha."

"Nanga mudir akadziwa, achimwene?" Mudir ndiye kapitawo wa kampani.

"Mudir amaona yunifomu, saona nkhope."

Ananena zoona. Palibe anazindikira.

Pang'ono ndi pang'ono ndinadziwa chimene anasankhira geti lathu pakati pa mageti onse a mu Doha. Chakumapeto kwa kompaundiyo, pafupi ndi mpanda, kunali nyumba ya a Lurie, injiniya wachikulire wa ku Joni. M'nyumba imeneyo Ayuda ochepa ogwira ntchito mumzinda muno ankakumana kudzapemphera, mwakachetechete, makatani atatseka. Ku Abu Hamour, kumene kuli matchalitchi, kulibe sunagoge. A Wickson anauzidwa za nyumbayo ndi mphunzitsi wawo wa ku Joni, ndipo akadali ku basi anakagogodako. Amene anatsegula anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kuwauza kuti alakwitsa nyumba. Ulendo wachiwiri anakumana ndi a Lurie eni ake, amene anawamvetsera bwinobwino, nawafunsa mafunso, kenaka anati anzawo ena ali ndi mantha, iwo ayambe adikira. Mantha amenewo sindiwanyoza. Anthu aja anali alendo ngati ife, ndipo aliyense anali ndi ntchito yoti ateteze. Koma kudikirako kunatenga zaka, ndipo ine kunkandipsetsa mtima.

Chimene a Wickson ankafuna sichinali tiyi kapena mpando. Kwa Ayuda kuli mapemphero ena amene munthu sanena yekha, ngakhale akhale woyera mtima chotani. Pamafunika amuna khumi achiyuda. Asanu ndi anayi sakwana, angakhale onse aphunzitsi. Limodzi mwa mapemphero amenewo ndi limene wofedwa amanena pokumbukira womwalira. Mayi awo a Wickson anamwalira iwo ali kuno. Ku maliro sanapite, ndipo pemphero lija sanalinenepo, chifukwa analibe anthu oima nawo. Ankafuna kuti tsiku lina anthu akamaona ngati akwana, nawonso awerengedwe.

Kuwerengako nakonso kuli ndi mwambo wake. Sawerenga anthu ndi chala, amati kuwerenga mitu ya anthu kumaitana mliri. Ali ndi vesi ya mawu khumi, amaitchula liwu limodzi pa munthu mmodzi, ndipo vesiyo ikatha amadziwa kuti akwana. Ndiye taganizani mmene a Wickson ankamvera m'nyengo ya korona, pamene kampani inatilamula kuti tiziwerenga aliyense wolowa, kumuloza pamphumi ndi kamfuti koyezera kutentha kwa thupi, ndi kuona ngati foni yake ikuonetsa mtundu wobiriwira pa pulogalamu ya boma. Iwo ankawerenga magalimoto, anthu ayi.

"Ntchito iyi ndi yoitana zoipa," ankatero, akupukuta kamfutiko.

Popeza kunyumba ija sankawalowetsa, anadzipangira sunagoge wawo padenga la chipinda chathu, pakati pa thanki la madzi ndi makina oziziritsa mpweya. M'bandakucha ine ndikayala mkeka wanga pansi, iwo ankakwera makwerero ndi kachikwama kawo, n'kukadzikulunga zingwe zachikopa pamkono ndi pamphumi. Ndinkamva mapazi awo pamwamba panga. Poyamba ankapemphera mothamanga ngati mwana woloweza, koma miyezi ikupita anayamba kuchedwa, ndipo nthawi zina ndinkamva Chihebri chija chikusanduka Chilomwe. Munthu uja anasintha ine ndikuona. Ukali umene anabwera nawo ku basi unatha. Mwana wa bwana wina atawaponyera botolo la madzi kumaso, anangolitola n'kukalitaya mu bini.

"Padenga paja ndimamupeza Mulungu msanga kusiyana ndi ku Joni," anandiuza tsiku lina tikudya nyemba ndi khubuzi, buledi wa kuno. Nyama sankadya, ankati ya kuno sinaphedwe mwa mwambo wawo. "Ku Joni ndinkangoyang'ana ngati ena akundiona kuti ndikulakwitsa. Mwina anthu aja sindikuwafunanso."

"Ndiye shati yoyera ija mumaisitiranji Friday iliyonse?"

Anangopitiriza kudya. Kali kokha n'kanyama, ndipo iwo ankadziwa bwino zimenezo kuposa ine.

Chakumayambiriro kwa 2021 matenda anabweranso ndi ukali. Ma ambulansi ankadutsa mumsewu wa Al Waab osaliza n'komwe, chifukwa mumsewumo munalibe woti apatuke. Boma linaletsa kusonkhana m'nyumba. Ayuda ena a m'gulu lija anali atapita kwawo ndipo sanabwerere, moti magalimoto olowera kwa a Lurie anachepa mpaka kusiyiratu. Kompaundi yonse inangoti zii, kumangomveka makina oziziritsa mpweya ndi amphaka.

Lachisanu lina m'mawa, ndisananyamuke kupita kokaswali, tinaona a Lurie akubwera wapansi. Sankayenda pansi bambo aja. Anali osameta, malaya atang'ambidwa dala pachifuwa monga amachitira Ayuda akaferedwa, ndipo a Wickson atangoona kung'ambikako anaimirira n'kuvula chipewa cha kampani. Akazi awo a Lurie anali atapita ku Joni kukaona mdzukulu, matenda anawagwira komweko, ndipo anali atawaika kale m'manda. Ndege zoti bamboyo akafike pa nthawi yake kunalibe.

Anayankhula m'Chingerezi, maso ali pansi.

"Ndaimbira aliyense amene watsala. Ndi ine tilipo naini. Ndikufuna kumunenera mkazi wanga pemphero, ngakhale kamodzi kokha." Kenaka anakweza maso. "Eliezere, ungabwere Lamulungu dzuwa lisanalowe?"

Ine mumtima ndinati, ohoo, lero mwamudziwa dzina. Ndinkafuna a Wickson awachedwetseko pang'ono, alawe nawonso kudikira. Koma iwo anangoti adzabwera.

Sindinawaonepo osangalala ngati pa Sabata limenelo. Anaimba Lachisanu madzulo mpaka mlonda wa kompaundi yoyandikana nayo anasuzumira pampanda. Loweruka lonse anakhala pamthunzi ndi buku lawo, milomo ikuyenda, akubwereza malo amene gulu limayankha, amene kwa zaka zonsezi ankangowadumpha. Anandiuza kuti a Lurie akamanena pemphero la akazi awo, iwonso adzanena la mayi awo. Masana anadandaula kuti mutu ukuwawa pang'ono, ndipo tonse tinati ndi dzuwa.

Sabata likamatha, Ayuda amalitsanzika. Amayatsa kandulo, amadalitsa chikho, kenaka amanunkhiza zonunkhira kuti mtima usagwe ulesi polowa m'masiku a ntchito. A Wickson anali ndi kachitini ka kalafuu, timbewu touma tija amaika mu tiyi, ndipo akanunkhiza ankandipatsira nanenso. Loweruka limenelo nyenyezi zitangotuluka ndinalowa m'chipinda kudzamwa madzi, ndipo ndinawapeza ali pakati pa mwambowo. Anatsegula kachitini, n'kukafikitsa pamphuno. Anakagwedeza, n'kununkhizanso.

"Kalafuu uyu watha mphamvu," anatero.

Ine ndinali pakhomo, kutali ndithu, ndipo fungo lake linali litandipeza kale.

Anandiyang'ana, nane ndinawayang'ana. Anatenga sopo n'kununkhiza. Anatsegula botolo la mankhwala okolopera. Pomaliza anatola sokosi yanga, imene ikhoza kudzutsa munthu wokomoka, n'kuikanikiza pamphuno. Tsiku lina tikanaseka mpaka kugwa. Anaibweza pansi bwinobwino, n'kuzimitsa kandulo m'chikho monga mwa mwambo, ndipo m'chipindamo munada. Masiku amenewo ngakhale mwana ankadziwa tanthauzo la mphuno yosamva fungo. Ndinachita mantha, ndisaname, ndipo mantha oyambawo anali a moyo wanga, chifukwa mabedi athu anali oyandikana. Iwo ananyamula bulangeti n'kukagona padenga.

M'mawa wa Lamulungu ndinawakaniza kuima pageti. Anatsika n'kuima patali, masiki awiri kukamwa.

"Tandiyeza, Sudi."

Ndinatambasula mkono n'kuwaloza ndi kamfuti kaja. Kanaonetsa kuti thupi lili bwinobwino. Anandionetsa foni, ndipo inali yobiriwira ngati fodya wa kudimba.

"Waona? Normal. Green. Mafi mushkila, palibe vuto."

"Achimwene, musandipusitse. Muimbireni mudir mukayezetse."

"Ndikamuimbira pano anditenga pompano. Quarantine. Ndimuimbira ikatha prayer, inshallah. Half hour yokha, ndivala ma-mask awiri, ndiima pakona."

"M'nyumba yotseka mawindo? A Lurie ali ndi zaka zingati? Mukufuna mkazi ndi mwamuna atsatane?"

Apa anakwiya, ukali wa ku basi uja unabwerera.

"Iwe Friday iliyonse umaima phewa ndi phewa ndi anzako. Ukagwa pali okunyamula. Ukudziwa chiyani za kupemphera ndi thanki la madzi? Ndikapanda kupita lero adzati tinamuitana sanabwere, dalaivala uja anali wongoyesa. Sadzandiitananso."

Sankanama. Palibe chida chimene chikanawagwira. Kamfuti kanali kumbali yawo, foni inali kumbali yawo, ndipo ine sindikanakawanenera kwa mudir. Zonse zinatsalira iwo okha ndi zimene ankaphunzira padenga paja. Anali atandiuzapo kale kuti m'chipembedzo chawo moyo wa munthu umaposa lamulo lina lililonse, kuti ngakhale Sabata umaliswa pofuna kupulumutsa wodwala. Ndinawakumbutsa zimenezo. Anati asandimve ine Msilamu ndikuwaphunzitsa Chiyuda, n'kukweranso padenga. Tsiku lonse ndinkamva mapazi awo akupita uku ndi uku, ndipo nthawi zina kachifuwa kouma.

Dzuwa litapendeka magalimoto anayamba kufika, imodziimodzi, motalikirana kuti anthu asaone ngati pali msonkhano. Aliyense anatsitsa galasi, ndinamuloza pamphumi, anandionetsa foni. Ena anali achinyamata, koma atatu anali okalamba zedi, ndipo mmodzi anali ndi ndodo pampando wa pambali. Onse ankadziwa kuti akuswa lamulo, zinkaoneka ndi mmene ankayang'anira kumbuyo. Anabwera chifukwa mnzawo anali yekha ndi maliro.

Womaliza atalowa, a Wickson anatsika atavala shati yoyera ija. Anadutsa patali osandiyang'ana. Ndinalowa m'kanyumba ka alonda n'kuyang'ana pa sikirini ya makamera, ndipo ndinawaona akuyenda pakati pa msewu, chithunzithunzi chawo chitatalika kutsogolo. Kamera ya kumpanda imaonetsa khomo la a Lurie, koma ilibe mawu. Anakwera masitepe. Anaima nthawi yaitali, dzanja lili m'mwamba. Ndinkapemphera, koma sindikudziwa ngati ndinkapempha kuti agogode kapena abwerere.

Anagogoda. Chitseko chinatseguka, ndipo a Lurie anatuluka ndi masokosi okha, manja onse awiri atatambasula. A Wickson anabwerera chafutambuyo, sitepe ndi sitepe, mpaka pakati pa bwalo. Ndinaona akuloza mphuno yawo. A Lurie anatsika sitepe imodzi, wina anawagwira mkono kuchokera mkati. A Lurie analoza zenera la chipinda chochezera, ngati akuti imani apo tizikuonani. Koma kumbuyo kwawo anthu anali atayamba kale kutuluka, aliyense akufufuza makiyi m'thumba. Mlonda akapezeka ndi matenda, azaumoyo amafika pakompaundi ndi mafunso, ndipo palibe amene ankafuna kupezeka m'nyumba imeneyo. Magalimoto amene analowa motalikirana anatuluka mondondozana, ndipo ndinawatsegulira onse. Dzuwa linali lisanalowe.

A Wickson anabwera n'kukhala pansi m'mphepete mwa msewu, kutali nane. Anaimbira mudir okha.

"Ananditchula dzina, Sudi," anatero atadula foni. "Anati lowa, Eliezere, takwana."

"Mwachita bwino, achimwene."

"Usandiuze zimenezo. Mpaka pachitseko paja ndinali ndikulowa. Ndinaona ndodo ya mdala uja itatsamira khoma." Anakhosomola. "Ndamulanda munthu pemphero la mkazi wake. Ndi la mayi anga lomwe."

Analira, ndipo sindinathe ngakhale kuwagwira paphewa. Ambulansi inawatenga ndi shati yoyera yomweyo.

Ine ananditsekera kwina kwa masabata awiri. Matendawo anandipeza nawo, koma sanandichite kanthu, ngakhale chimfine. Masiku oyamba a Wickson ankanditumizira mawu pafoni, akudandaula za chakudya ndi kufunsa ngati kachikwama kawo ndakasunga pabwino. Kenaka mawuwo anayamba kufupika, mpweya ukumveka kuposa mawu. Kenaka anasiya. Mudir ndi amene anandiuza, mwachidule, pakati pa nkhani ya mashifiti. Ndege zonyamula maliro zinali zovuta, ndipo ku Phalombe sanalimbikire. Anawaika kumanda a anthu osakhala Asilamu, m'chipululu cha ku Dukhan, ine ndikadali wotsekeredwa. Mwa anthu asanu ndi anayi aja palibe anadwala ngakhale mmodzi.

Nditabwerera pageti, a Lurie anabwera pagalimoto, masutikesi ali kumbuyo. Ntchito anali atasiya, ankapita kwawo. Anazimitsa injini, chinthu chimene anthu a m'kompaundi sachita poyankhula ndi mlonda. Ndinawapatsa kachikwama ka zingwe zachikopa kaja, chifukwa sindinkadziwa kuti zinthu zotero amazitani mwini wake akapita. Anakalandira ndi manja awiri.

"Tinapita kumanda," anatero. "Titamva, tonse tinapita. Ngakhale uja anamubweza pakhomo poyamba."

Mtima wanga unatsikako pang'ono. Ndinafunsa ngati anamunenera pemphero lija, la womwalira, limene iye ankalifunitsitsa.

A Lurie anayang'ana chiwongolero.

"Tinalipo naini."

Ukali unandikwera mpaka m'makutu. Ndinawauza kuti akanandiitana ine, ndikanathawa kotsekeredwako, ndikanaima nawo padzuwapo. Munthu ndinkadya naye mbale imodzi, ndinkamva mapazi ake m'mawa uliwonse. Ndinati ngati vuto ndi mutu umodzi, wanga ulipo, tiyeni tibwerereko lero lomwe.

Anapukusa mutu pang'onopang'ono, misozi ikulowa mu masiki.

"Sizitheka, mwana wanga. Wachikhumi anali iyeyo."

Anati anaima mozungulira mulu wa mchengawo, motalikirana, aliyense n'kupemphera chamumtima payekha, kenaka anabalalika. Kumbuyo kwawo kunafika galimoto ina n'kuliza hutala. Ndinakweza chitsulo cha pageti, iwo n'kudutsa.